Momwe Mungakonzere Chionetsero cha Zaluso Chokamba za Kupirira pa Nthawi ya Mavuto

Mliri, nkhondo, chigumula kapena chilala chikadutsa, aluso amakhala ndi zambiri zoti anene, ndipo posakhalitsa wina amati, "Tiyeni tichite chionetsero." Maganizowo ndi abwino, koma zionetsero zambiri zotere zimapunthwa pamalo amodzimodzi. Makoma amadzaza nkhope zolira, alendo amazungulira holo yonse mofulumira n'kutuluka mitima italemera, osadziwa chochita ndi zimene aonazo. Mwini nkhani amamva kwa anthu ena kuti nkhope yake ili pakhoma. Chojambula cholemera chimapezeka pansi m'mawa, galasi litasweka, chifukwa anachikoleka pa msomali umodzi.

Malangizo awa ndi a munthu kapena gulu lofuna kusonkhanitsa ntchito za aluso angapo m'holo kapena m'chipinda chachikulu, pa mutu wa mmene anthu amalimbira ndi kugwirana manja zinthu zikathina. Dzipatseni miyezi yosachepera 6. Kupachika kwenikweniko kumatenga masiku ochepa. Chimene chimadya nthawi ndi kukambirana ndi anthu.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Zogwirira pakhoma: tepi yoyezera ya mamita 5, levulo, pensulo, hamala, dirilo, makwerero olimba, tepi ya pepala yosasiya zomata, penti wotsala wa mtundu wa khomalo ndi zotsekera mabowo. Masikuluwu ndi mapulagi akhale oyenerana ndi khoma lanu, pakuti la njerwa limafuna ake, la matabwa kapena la bolodi limafunanso ake.
- Zonyamulira: magolovesi a nitrile (onga a labala), mabulangete kapena masiponji oyala pansi, pulasitiki wa timathovu, makatoni olimba.
- Za kuwala: mababu a LED otha kuwaloza kumene mukufuna, makatani otchinga dzuwa, ndi kachipangizo koyezera kuwala. Mafoni ambiri amatha kuyeza, ngakhale kuti salondola kwenikweni.
- Za kanema ndi mawu, ngati zilipo: pulojekita kapena TV, mahedifoni, mawaya aatali ndi zowakanikizira pansi.
- Mapepala: mgwirizano wobwereka ntchito, fomu ya chilolezo cha eni nkhani, fomu yolembapo mmene ntchito iliyonse yafikira, ndi mndandanda wa ntchito zonse.
- Mipando. Anthu amaiwala mipando kuposa china chilichonse.
- Anthu: osachepera awiri popachika, oyang'anira holo, ndi munthu mmodzi wodziwa za uphungu amene mungamuimbire foni.

## 1. Chepetsani mutu mpaka ukhale funso limodzi

Mukangolengeza kuti chionetsero chanu ndi cha kupirira, mudzalandira chilichonse: dzuwa likutuluka, mtengo womera pathanthwe, mayi wosenza katundu, manja ogwirana. Palibe cholakwika pa chimodzichimodzi, koma mukaziika pamodzi sizikambirana. Khalani pansi ndi gulu lanu mulembe funso limodzi lomwe mlendo angalibwereze atatuluka. Zitsanzo: Munthu amanyamula chiyani akamathawa ndi mphindi zochepa? Ndani anaphikira odwala pamene aliyense ankaopa kuyandikira? Ana ankasewera chiyani pamsasa?

Ntchito zimene zakhala m'mitima ya anthu pa nkhani zotere zinagwira chinthu chimodzi n'kuchikakamira. Nsalu yaikulu yokumbukira anthu omwalira ndi Edzi, AIDS Memorial Quilt, itayalidwa koyamba ku Washington mu Okutobala 1987 inali ndi zigawo 1,920. Chigawo chilichonse chinali cha munthu mmodzi, dzina lake litasokedwapo, ndipo kukula kwake kunali pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 180 m'litali, ngati manda. Ku Mozambique, nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, bungwe la mipingo yachikhristu linayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Aluso anadula mfutizo n'kuziwotcherera kukhala zinthu zina, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga mu 2001 uli ku British Museum ku London. Nkhani yonse ya dzikolo ili mumpando umodzi wa mfuti zakufa.

Chenjezo: ngati simungathe kufotokozera mwana wa sekondale mutu wanu m'chiganizo chimodzi, mutuwo sunapse. Musapitirire.

## 2. Sankhani aluso ndi ntchito zawo

Mungathe kuitana aluso amene mukuwadziwa kapena kulengeza kuti aliyense atumize. Mukalengeza, nenani zonse poyera: funso lanu, kukula kwa ntchito imene holo ingalandire, tsiku lomaliza, amene alipire mayendedwe, komanso ngati aluso alandira kangachepe. Ngati palibe ndalama yowapatsa, nenani pachiyambi pomwe. Kumuuza waluso kuti malipiro ake ndi kutchuka, pa chionetsero chokamba za kugwirana manja, n'kudzitsutsa nokha.

Posankha, ntchito iliyonse muifunse funso ili: kodi ikuonetsa zimene zinachitikira anthu basi, kapena ikuonetsanso zimene anthuwo anachita? Apa ndi pamene pali kusiyana konse. M'zaka za ulamuliro wa Pinochet ku Chile, kuyambira 1973 mpaka 1990, amayi ankasoka tizigamba pa masaka n'kupanga zithunzi zotchedwa arpilleras. Muli abale awo amene anasowetsedwa, inde, koma mulinso amayiwo akufunsa pazipata za ndende, akuchita zionetsero pamsewu, akuphikira limodzi mumphika umodzi waukulu. Woonerera amaona chisoni ndi nyonga nthawi imodzi. Ntchito zotere ndi zimene mukufuna kuti zikhale msana wa chionetsero chanu. Zoonetsa ululu wokhawokha zikhalepo, koma zochepa.

Sankhani zochepa kuposa mmene mtima ukufunira. Ine ndimaona kuti ntchito 15 zokhala ndi mpata wopumira zimalankhula kuposa 40 zothinana. Sakanizaninso mitundu: zojambula za penti, zithunzi za kamera, nsalu, zosema, kanema mmodzi kapena awiri. Maso akamaona chinthu cha mtundu umodzi kwa nthawi yaitali amagona.

Chenjezo: musalonjeze mnzanu malo musanaone ntchito yake. Kukana pambuyo pake kumawawa kuposa kukana pachiyambi.

## 3. Pemphani chilolezo kwa eni nkhani

Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha, ndipo kulilumphako ndi kumene kumawononga kwambiri. Waluso akabweretsa chithunzi cha munthu weniweni, mawu ake ojambulidwa, kalata yake kapena chovala cha malemu wake, mufunseni kuti mwini wakeyo anavomera chiyani makamaka. Kuvomera kujambulidwa tsiku lina pamsasa si kuvomera kuti nkhope yake ikhale pachikwangwani cha mumsewu patapita zaka zitatu.

Fomu ya chilolezo ikhale m'chinenero chimene munthuyo amamva, ndipo ngati sadziwa kuwerenga, wina amuwerengere pamaso pa mboni. Itchule malo aliwonse padera, kuti athe kuvomera ena n'kukana ena: pakhoma la holo, pazikwangwani zoitanira anthu, pa intaneti, m'nyuzipepala ndi pa TV, m'kabuku ka chionetsero, komanso ngati ntchitoyo ingagulitsidwe. Afunsidwe ngati akufuna dzina lake lenileni, dzina lina, kapena popanda dzina. Auzidwenso kuti angasinthe maganizo, ndi amene angamuuze akasintha. Kwa mwana, avomere kholo kapena womulera, komanso mwanayo.

Pali anthu amene kuonekera kungawaike pangozi: othawa kwawo, amene anachitidwa nkhanza, amene ali ndi matenda omwe anthu amasala nawo. Kubisa nkhope kokha sikukwanira. Yang'anani chipsera chapamkono, chikwangwani cha msewu chomwe chikuoneka kumbuyo, nambala yapachitseko, mawu ake odziwika m'kanema. Zithunzi za pafoni zimasunganso m'kati mwake malo amene zinajambulidwira, choncho fufutani zimenezo musanaziike pa intaneti.

Njira yabwino koposa ndi yakuti eni nkhani akhale m'gulu la opanga. Ku Bogotá m'dziko la Colombia, pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 2016 wothetsa nkhondo yapachiweniweni, waluso Doris Salcedo anatsegula mu 2018 malo otchedwa Fragmentos, amene pansi pake anayalapo zitsulo zochokera ku matani 37 a zida za zigawenga za FARC zitasungunulidwa. Amayi amene anagwiriridwa m'nkhondoyo ndi amene anasula ndi nyundo zikombole za zitsulozo. Nkhope zawo sizili pakhoma, koma mlendo aliyense amaponda pa ntchito ya manja awo. Chionetsero chanu n'chaching'ono kuposa chimenecho, komabe mungathe kuitana eni nkhani awiri kapena atatu kuti akhale nanu posankha ntchito ndi polemba mawu.

Chenjezo: munthu akakana, nkhani yathera pomwepo, ngakhale chithunzicho chikhale chokongola kuposa zonse.

## 4. Lembani mgwirizano, ndipo jambulani ntchito iliyonse ikangofika

Mgwirizano ndi waluso aliyense utchule dzina la ntchito, chaka, kukula kwake, zimene anapangira, mtengo wake wa inshulansi, tsiku lobweretsa ndi lobweza, wonyamula, ndi gawo la aliyense ngati itagulidwa. Utchulenso ngati alendo angaijambule.

Ntchito ikafika, itsegulireni pamaso pa woibweretsa. Jambulani kutsogolo, kumbuyo, makona onse anayi ndi paliponse pokalika kapena pothetheka, lembani pafomu, nonse musaine. Musataye zokutira zake. Lembanipo dzina n'kusunga, mudzazifuna pobweza.

## 5. Yezani holo, jambulani mapu, konzani njira ya mlendo

Yezani makoma onse, zitseko, mawindo, ndi pamene pali masoketi. Jambulani papepala, masentimita 2 aimire mita imodzi. Dulani timapepala toimira ntchito iliyonse pa muyezo womwewo n'kumatisuntha pamapupo. Kusuntha kapepala sikusiya bowo pakhoma.

Yang'ananinso holoyo ngati malo osungira zinthu. Khoma lochita thukuta nthawi ya mvula, malo a pansi pa denga lodontha, pafupi ndi chotenthetsera, moyang'anizana ndi windo lolowa dzuwa, onsewa si malo a pepala kapena nsalu. Nyumba zosungira zaluso zimayesetsa kuti chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Mwina simungakwanitse kulamulira zimenezo, koma mungathe kupewa khoma lonyowa.

Tsopano njira. Mlendo akulowa kuchokera kunja kuli phokoso, maganizo ake ali kwina. Mukamulandira ndi ntchito yopweteka kwambiri pakhomo pomwe, amadzitseka mumtima ndipo zotsalazo amangozidutsa. Yambani ndi chinthu chimene angachizindikire mosavuta, monga chiwiya, chovala kapena chipinda chooneka ngati chake. Zolemera zikhale pakati. Pambuyo pa ntchito yolemera iliyonse siyani khoma lopanda kanthu pang'ono ndi mpando, munthu akhale, apume. Chakumapeto muike ntchito zoonetsa anthu akuchita kanthu limodzi, akumanganso, akuimba, akusekanso. Koma musakakamize mathero osangalatsa. Ena mwa alendo anu mavuto awo sanathe, ndipo akaona khoma lomaliza likuwauza kuti zonse zili bwino tsopano, amaona ngati mukuwanamiza.

Ntchito yoonetsa mitembo, nkhanza kapena kudzipha ikhale kuseri kwa bolodi kapena katani, kapepala kochenjeza kali pakhomo pake, kuti munthu asankhe yekha kulowa. Njira yotulukira isadutse mmenemo.

Siyani mpata woyendamo wosachepera masentimita 90, ndi malo a masentimita 150 oti njinga ya olumala itembenukirepo. Kanema wokhala ndi mawu apatseni mahedifoni kapena ngodya yake. Kulira kochokera m'kanema mmodzi kukamveka holo yonse, ntchito zonse zimasanduka za kanemayo.

Musanaboole chilichonse, yalani masiponji m'munsi mwa makoma n'kutsamiritsapo ntchito zonse monga mwa mapu anu. Yendani kuchokera pakhomo ngati mlendo. Zisiyeni zigone choncho, mawa mudzaonenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi zambiri m'mawa mwake mudzapeza ntchito ziwiri zimene zikulimbana, kapena imodzi imene iyenera kubwerera kwa mwini wake.

## 6. Pachikani

Lamulo limene nyumba zambiri zoonetsera zaluso zimatsata ndi lakuti pakati pa chojambula pakhale pa msinkhu wa maso, masentimita 145 mpaka 152 kuchokera pansi. Sankhani nambala imodzi, tinene 150, muigwiritse ntchito holo yonse. Ngati mukuyembekezera ana ambiri kapena anthu a pa njinga za olumala, tsitsani mpaka 140. Zojambula zazikulu ndi zazing'ono zikalingana pakati, khoma limaoneka lodekha.

Pamene ambiri amalakwa ndi powerengera pomwe sikuluwu ilowe. Chitani chonchi:

1. Yezani kutalika kwa felemu, mugawe pawiri. Felemu ya masentimita 80 ikupatsani 40.
2. Onkhetsani ndi 150. Mwapeza 190, pamene padzafike m'mphepete mwa pamwamba.
3. Tembenuzani felemu, kokerani waya wake m'mwamba ndi zala mpaka alimbe ngati wakoleka kale, muyeze kuchokera pawayapo kufika pamwamba pa felemu. Tinene kuti mwapeza 10.
4. Chotserani: 190 kuchotsa 10 ndi 180. Chongani pakhoma pa masentimita 180.

Chongani pa kachidutswa ka tepi ya pepala, osati pakhoma penipeni. Ntchito yotakata kapena yolemera ikhale pa masikuluwu awiri, ndipo mukamayeza waya mumukoke pamalo awiri omwewo, apo ayi chojambula chidzakwera kuposa mmene munawerengera. Ikani levulo pamwamba pa felemu musanachoke.

Nyamulani ntchito imodzi nthawi imodzi, ndi manja awiri, kumaso kwake kutaloza kwa inu. Musainyamulire pa waya kapena pa thabwa la pamwamba lokha. Magolovesi a thonje amaterera pagalasi ndi pa zinthu zosalala, n'chifukwa chake ndatchula a nitrile. Nsalu musaikhomere misomali: isokereni kathumba kumbuyo chakumtunda, mulowetsemo ndodo, kulemera kwake kugawikane. Chosema chimene chingagwe munthu akachigunda chimangiriridwe pa choikapo chake.

Chenjezo: musaboole pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switchi molunjika, chifukwa mawaya a magetsi amakonda kudutsa mmenemo.

## 7. Konzani kuwala

Kuwala kumafufutsa mitundu, ndipo zikafufuka sizibwereranso. Ntchito za papepala, nsalu ndi zithunzi zosachedwa kufufuka zisalandire kuwala kopitirira 50 lux (lux ndi muyezo wa kuwala). Zojambula za penti wa mafuta zimapirira mpaka cha m'ma 200 lux. Yezani mutagunditsa chipangizo pafupi ndi nkhope ya ntchitoyo, osati pakati pa chipinda. Dzuwa lisagunde ntchito iliyonse mwachindunji.

Babu liloze ntchito mopendekeka, pafupifupi madigiri 30 kuchokera pa mzere woongoka wotsika kudenga. Likakhala pafupi kwambiri ndi khoma, felemu imaponya mthunzi pachojambula. Likakhala kutali, galasi limabweza kuwala m'maso mwa woonerera, kapena mutu wake umatchinga. Imani pamene mlendo adzaime, kenako khalani pampando muonenso.

Okonza ambiri amaganiza kuti nkhani yachisoni imafuna mdima. Mdima wa holo yonse umangotopetsa, okalamba amalephera kuwerenga, ndipo ena amapunthwa. Chepetsani kuwala pamalo amodzi kapena awiri amene mwasankha, kwinako kuwale.

## 8. Lembani mawu a pakhoma

Kafukufuku wina wa ku Metropolitan Museum of Art ku New York, wofalitsidwa mu 2001, anapeza kuti mlendo amaima pa chojambula chimodzi pafupifupi masekondi 27. M'masekondi amenewo ndi mmene ayenera kuona ntchito ndi kuwerenga kapepala kanu. Choncho mawu olandirira alendo pakhomo asapitirire 150, ndipo kapepala ka ntchito iliyonse kakhale ndi dzina la waluso, dzina la ntchito, chaka, zopangira, ndi mawu ofotokoza osapitirira 50. Zilembo zisachepere saizi 18 ya pa kompyuta, zakuda papepala loyera. Mapepala onse akhale mbali imodzi ya ntchito ndi pa msinkhu umodzi.

Chovuta si kutalika kokha, ndi zimene mukunena. Tiyerekeze kuti waluso wapachika mabulangete. Kapepala kena kangati: "Ntchitoyi ikufufuza mozama kulimbana kwa kukumbukira ndi kuiwala m'dziko losweka." Mlendo wawerenga, sanatolepo kanthu. Kena kangati: "Mabulangete awa anafunda mabanja amene anagona m'kalasi madzi atakokolola nyumba zawo. Banja lililonse linasoka pa bulangete lake chinthu chimodzi chimene linapulumutsa." Akawerenga apa amabwereranso ku mabulangete aja kukafunafuna, n'kupeza ketulo, chiphaso, nsapato ya mwana. Uzani mlendo chimene maso ake sangathe kudziwa okha: ndani, liti, ndi chiyani. Zoti amve chisoni kapena alimbe mtima musamulamule.

Samalaninso ndi mayina amene mukuwapatsa anthu. Afunseni eni ake ngati akufuna kutchedwa ovutika, opulumuka, kapena mayina awo basi. Mawu onse awerengedwe ndi waluso komanso mwini nkhani musanasindikize. Ngati alendo anu amalankhula zinenero ziwiri, lembani zonse ziwiri pa zilembo zofanana kukula.

## 9. Siyani malo oti alendo ayankhepo

Chionetsero chokamba za zimene anthu anadutsamo limodzi chimafunika pomwe mlendo anganene kuti, "Inenso." Buku lopanda kanthu patebulo silithandiza kwenikweni, anthu amangolembamo kuti zinali bwino. Apatseni poyambira. Mu 2011, waluso Candy Chang anapaka penti ya bolodi pakhoma la nyumba yosiyidwa ku New Orleans n'kulembapo mobwerezabwereza chiganizo chosamaliza chofunsa zimene munthu akufuna kuchita asanamwalire. Odutsa anamalizitsa ndi choko, ndipo makoma otere anafalikira m'mayiko ambiri. Ku London, mu 2021, ofedwa anayamba kujambula mitima yofiira pakhoma la m'mbali mwa mtsinje wa Thames moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo, mtima umodzi kuimira munthu mmodzi amene anamwalira ndi Covid-19.

Inunso konzani timakhadi tokhala ndi chiganizo chosamaliza chochokera ku funso lanu lija, monga "Amene anandithandiza anali..." kapena "Chimene ndinanyamula ndi...". Ikani mapensulo, osati zolembera za inki, pafupi ndi ntchito zaluso. Musafunse mayina. Lembani poonekera zimene zidzachitike ndi timakhadito chionetsero chikatha. Munthu mmodzi aziwerenga madzulo aliwonse, achotse zotukwana ndi zotchula anthu ena mayina, komanso aone ngati wina walemba zosonyeza kuti moyo wake uli pangozi.

## 10. Konzekeretsani oyang'anira, kenako tsegulani

Oyang'anira holo ndi amene adzakumane ndi mlendo amene wagwa misozi. Auzeni zochita: asamufunse mafunso, asamuuze kuti alimbe mtima, amuonetse mpando ndi madzi akumwa, akhale pafupi osamuunjirira. Pakhomo lotulukira pakhale kapepala ka manambala a mabungwe opereka uphungu, amene mwawaimbira n'kutsimikiza kuti akugwira ntchito. Oyang'anirawo azisinthana malo. Kukhala tsiku lonse pafupi ndi kanema wa umboni wa nkhanza, akubwerezabwereza, kumadwalitsa.

Tsiku limodzi musanatsegulire anthu onse, itanani eni nkhani ndi aluso okha, popanda atolankhani. Aone mmene zakhalira, ndipo ngati wina akufuna kuti china chisinthe kapena chitsike, nthawi ikadalipo. Pa tsiku lotsegulira, zolankhula zikhale zochepa ndi zazifupi. Musaitanire wopulumuka kutsogolo mwadzidzidzi kuti afotokoze zimene zinamuchitikira. Ngati akufuna kulankhula, mugwirizane kale. Ojambula zithunzi auzidwe amene sayenera kujambulidwa ndi ntchito zimene siziyenera kupita pa intaneti.

## 11. Tsitsani mosamala ngati mmene munapachikira

Patulani masiku okwanira. Fananizani ntchito iliyonse ndi zithunzi za tsiku lofika, ikulungeni m'zokutira zake, nonse musainenso. Pulasitiki wa timathovu asagunde penti mwachindunji chifukwa amasiya madontho, yambani mwayala pepala losalala. Tsekani mabowo, pakani penti. Zinthu zobwereka kwa mabanja muzipereke nokha pamanja, ndipo eni nkhani muwatumizire zithunzi za chionetsero.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kuika chithunzi chopweteka kwambiri pachikwangwani choitanira anthu. Chimakopa maso, koma pamsewu ndi pa intaneti palibe katani kapena chenjezo, ndipo amachiona ndi ana ndi ofedwa omwe. Sankhani ntchito ina.

Kudzaza khoma ndi mayina ndi zizindikiro za othandiza. Athokozeni pa bolodi limodzi pafupi ndi khomo. Chizindikiro cha kampani chikakhala pambali pa nsapato ya mwana womwalira, alendo amakwiya, ndipo sakulakwa.

Kuthera ndalama zonse pa tsiku lotsegulira. Sabata yachiwiri babu lapsa, mahedifoni aduka, timakhadi tatha, oyang'anira sakubweranso chifukwa palibe yoyendera. Gawani bajeti molingana ndi masiku onse, ndipo musunge ina ya zogwa mwadzidzidzi ndi yobwezera ntchito kwa eni ake.

Kusakaniza mavuto onse m'holo imodzi. Nkhondo, mliri, njala ndi nkhanza za m'banja zikakhala khoma limodzi popanda funso lozilumikiza, vuto lililonse limachepetsa linzake.

Kuiwala kuzimitsa ndi kuyatsa. Kanema amene amayatsidwa ndi munthu mmodzi yekha amakhala wozima tsiku limene munthuyo wadwala. Lembani ndondomeko yake papepala, batani ndi batani, muimate kuseri kwa TV.

Kusiya zithunzi pa intaneti mpaka kalekale. Chilolezo chimene munapatsidwa chinali cha nthawi ya chionetsero. Ngati fomu sinanene za pambuyo pake, bwererani kwa eni nkhani mukafunsenso, ndipo amene simunawapeze, zithunzi zawo zichotseni.